Funsani Makaniko: Za Galimoto za V8 Zofuna Kulowa Mumpikisano ku Mzuzu

Makalata amene tawasankha mwezi uno onse achokera mumzinda wa Mzuzu, ndipo akukhudza galimoto za injini zazikulu za masilinda 8, zimene eni ake akufuna kuzikonza kuti azipikisana nazo pa masewero a anthu ongokonda liwiro, osati a akatswiri olipidwa. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba sitinawaike.

FUNSO: Bambo Makaniko, chaka chatha ndinagula Chevrolet Lumina SS ya 2004 ku Johannesburg, ya injini ya malita 5.7 ndi magiya 6 osintha ndi dzanja. Mwini wake woyamba anaisintha zambiri: anaikamo camshaft (chitsulo chozungulira chotsegula mavavu a injini) yaikulu ndi ekizozi yotakasuka, anaitsitsa pansi, komanso anasintha pulogalamu ya kompyuta ya injini. Ine ndi anzanga tikukonza zoti tizipikisana pa bwalo lotchingidwa, ndipo ndasunga ndalama zogulira supercharger (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) kapena botolo la nitrous (mpweya wapadera wowonjezera mphamvu ya injini kwa kanthawi). Galimotoyi ili ndi timavuto pang'ono. Ndikaithamangitsa kwa mphindi zochepa singano ya kutentha imakwera, nyali ya oyilo imaphethira ndikakhota mwamphamvu, pamwamba pa injini pamamveka kugogoda, ndipo tsiku lina ndikutsetsereka kupita ku Nkhata Bay buleki inafewa n'kulowa pansi. Matayala akumbuyo akudyeka m'kati mokha. Kodi ndiyambe ndi supercharger kapena nitrous?

Wowerenga wa ku Luwinga

YANKHO: Bambo, musayambe ndi chilichonse mwa ziwirizo. Zimene mwazitcha timavuto ndi mavuto aakulu, ndipo lililonse mwa iwo limakula injini ikawonjezeredwa mphamvu, chifukwa mphamvu yowonjezera imabwera ndi kutentha kowonjezera komanso liwiro limene mabuleki ayenera kulithetsa.

Ndi bwino mudziwe kaye chimene muli nacho. Lumina SS ndi Holden Commodore imene inkapangidwa ku Elizabeth, pafupi ndi Adelaide ku Australia, n'kumagulitsidwa ku South Africa ndi chizindikiro cha Chevrolet. Injini yake, yotchedwa LS1, inayamba kuonekera mu Corvette ya 1997. Fakitale ya Holden inatsekedwa mu 2017, ndipo chaka chomwecho General Motors inasiya malonda ake ku South Africa. Zipangizo za m'kati mwa injini sizisowa, popeza injini za banja la LS zinaikidwa m'galimoto zambirimbiri ku America, koma magalasi, nyali, mabampala ndi zitsulo za miyendo ya galimotoyo n'za Holden yokha, ndipo zikunka zikusowa. Choncho chimene mungachiphwanye pogunda khoma chifukwa cha buleki yofewa n'chovuta kuchipeza kuposa chimene mungachiphwanye m'kati mwa injini.

Ndiyamba ndi nyali ya oyilo, chifukwa ndiyo ingakuphereni injini m'masekondi ochepa. Galimoto ikakhota mwamphamvu, oyilo amene ali m'sampu, chidebe chosungira oyilo cha pansi pa injini, amathawira mbali imodzi, ndipo kapayipi koyamwa oyilo kamatsala poyera n'kuyamba kuyamwa mpweya. Pa nthawi imeneyo mabering'i a crankshaft amazungulira ali ouma pamene injini ili pa liwiro lalikulu. Nyali ija imayaka mphamvu ya oyilo itatsika kale kwambiri, kotero kuti pamene inu mukuiona ikuphethira kuwonongeka kumakhala kutayamba. Uzani makaniko wanu amange geji yeniyeni yoyezera mphamvu ya oyilo. Muyeso umene amakaniko akhala akuutsatira kuyambira kale ndi wakuti injini yotentha izikhala ndi mphamvu ya oyilo ya psi 10 (psi ndi muyeso umene geji imaonetsa) pa maulendo 1,000 alionse amene ikuzungulira pa mphindi. Ngati mphamvuyo ili yotsika ngakhale galimoto itaima, aone kamphira kozungulira kotchedwa O-ring kamene kali pamene kapayipi kaja kamalumikizana ndi pampu ya oyilo, chifukwa pa injini za LS kamauma ndi zaka n'kumalowetsa mpweya. Ngati ikutsika pokhota pokha, mankhwala ake ndi sampu yokhala ndi timakoma m'kati toletsa oyilo kuthawa. Musanaipeze sampu yotereyi, oyilo azifika pa mzere wapamwamba wa ndodo yoyezera nthawi zonse, ndipo musakhote mwamphamvu.

Za mabuleki, zimene zinakuchitikirani pa matsitso a msewu wa M5 ndi kuwira kwa mafuta a mabuleki. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo Mzuzu ndi malo a mvula yambiri ndi chifunga. Mafuta a mtundu wotchedwa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi muyeso wake umatsika kufika pa madigiri 155. A DOT 3 ndi 205 akakhala atsopano, 140 akayamwa madzi. Akawira amapanga nthunzi m'mapayipi, ndipo nthunzi imafinyika, n'chifukwa chake phazi lanu linalowa pansi galimoto osaima. Khuthulani mafuta onse akale, osati kungowonjezera pamwamba, ndipo ikani a DOT 4 abwino kapena a DOT 5.1, amene amafika madigiri 260, ochokera m'botolo losatsegulidwa. Musasokoneze DOT 5.1 ndi DOT 5, amene ndi a mtundu wina ndipo sasakanizidwa ndi enawo. Kenako gulani mapadi opangidwira kutentha kwambiri, yezani kuchindikala kwa madisiki poyerekeza ndi nambala yolembedwa pa disikiyo, ndipo mapayipi a mphira opita ku mawilo muwasinthe ndi olukidwa ndi waya. Kumbukirani kuti galimoto yanu imalemera kuposa makilogalamu 1,600, ndipo liwiro likawirikiza kawiri kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumawirikiza kanayi. Pa matsitso aatali monga a ku Nkhata Bay kapena a ku Chiweta, tsikani ndi giya yaing'ono kuti injini izithandiza.

Kutentha kwa injini kukugwirizana ndi malo amene mukukhala. Mzuzu uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa mlingo wa nyanja zikuluzikulu, ndipo kumeneko madzi osatsekeredwa amawira pa madigiri pafupifupi 96 m'malo mwa 100. Chimene chimaletsa madzi a mu injini kuwira ndi chivundikiro cha rediyeta, chimene chikakhala chabwino chimakweza muyesowo kupitirira madigiri 115. Chivundikiro chotopa ndicho chinthu chotchipa kwambiri pa zonse zimene ndikutchula pano, ndipo ndicho chimene anthu sachiganizira. Onaninso ngati mafani onse awiri akuzungulira, ngati rediyeta siinatsekeke ndi matope kunja kapena ndi mchere wa madzi a pamjigo m'kati, ndiponso ngati mulibe mpweya wotsekeredwa m'mitu ya injini, popeza LS1 ili ndi timapayipi tating'ono totulutsira nthunzi timene nthawi zina timatsekeka. Injini imeneyi ndi ya aluminiyamu, choncho imafuna coolant wosakaniza ndi madzi oyera, osati madzi okha. Pali chizolowezi m'magalaja ambiri chochotsa thermostat, kavavu koyendetsa madzi molingana ndi kutentha kwa injini, galimoto ikayamba kutentha. Musalole zimenezo. Vuto lenileni limatsala pomwepo, ndipo m'nyengo yozizira ya June ndi July ku Mzuzu injini siifika pa kutentha kwake koyenera, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, ndipo petuloyo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda.

Kugogoda kwa pamwamba pa injini kungachokere m'malo angapo, ndipo nthawi imene kumamveka ndiyo ingakuthandizeni kusiyanitsa. Ngati kumamveka injini ili yozizira n'kutha ikatentha, nthawi zambiri ndi mapisitoni akusewera pang'ono m'masilinda, chimene n'chodziwika pa LS1 ndipo sichidetsa nkhawa kwambiri, kapena ndi bawuti yothyoka pamene ekizozi imamangiridwa ku mutu wa injini. Ngati sikutha, tsegulani zivundikiro za pamwamba muone masipuling'i a mavavu. Camshaft yaikulu imatsegula mavavu kwambiri kuposa yapachiyambi, ndipo imafuna masipuling'i ake olimba, amene nawonso amatopa msanga. Sipuling'i ikathyoka vavu imagwera pa pisitoni, ndipo injini imathera pomwepo. Popeza simudziwa kuti mwini woyamba anaika masipuling'i otani komanso liti, asintheni basi. Pa nthawi yomweyo makaniko ayeze mphamvu ya silinda iliyonse, ndipo kusiyana kwa yamphamvu ndi yofooka kusapitirire 10 peresenti. Adulenso fyuluta yakale ya oyilo n'kuyala pepala lake padzuwa kuti aone ngati muli tizitsulo tonyezimira.

Pulogalamu ya kompyuta ndiyo nkhani imene ndikufuna muiganizire mofatsa. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, pamene nyanja ya Malawi ku Nkhata Bay siifika ngakhale mamita 500. Injini yopanda turbo kapena supercharger imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene yakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Izi zikutanthauza kuti galimoto yanu ili kale ndi mphamvu zochulukirapo ku Mzuzu kuposa zimene inali nazo kwa mwini wake woyamba, popanda inu kulipira kanthu. Koma mpweya wochuluka m'silinda umakwezanso chiopsezo choti petulo aphulike nthawi yake isanakwane, chimene chimamveka ngati timiyala tikugunda m'chitini ndipo chimaswa mapisitoni. Amene anasintha pulogalamuyo ayenera kuti anaikonzera mpweya wopepuka wa kumtunda ndi petulo wa 95 amene amagulitsidwa kumeneko. Kuno petulo sitisankha, pampu imakhala ya mtundu umodzi, ndipo mafuta akasowa anthu amagula wa m'zigubu amene sadziwika chimene chathiridwamo. Mukatsikira kunyanja mu October kukutentha, injini yotereyi imakhala pangozi. Chitetezo chake ndi tizipangizo tiwiri tomva kuphulikako, totchedwa knock sensor, timene pa LS1 tili m'maenje a pansi pa chipangizo cholowetsa mpweya, kumene madzi amadikha anthu akamatsuka injini ndi payipi n'kutichititsa dzimbiri. Tiyezeni, ndipo pezani katswiri woti abweze pulogalamuyo kuti ikhale yofatsa. Supercharger kapena nitrous pa injini imene ili chonchi zingangofulumizitsa kusweka kwake.

Matayala akudyeka m'kati chifukwa cha kutsitsidwa kwa galimoto. Miyendo yakumbuyo ya Commodore ya zaka zimenezo inapangidwa mwakuti galimoto ikatsika mawilo amapendekera m'kati chakumtunda, ndipo tayala limagwira pansi ndi mbali imodzi yokha. Ikwezeni ibwerere pafupi ndi msinkhu wake wa ku fakitale, chimene chidzapulumutsanso sampu pa mahampu ndi m'maenje a m'misewu ya m'makwalala, kenako musinthe mphira zotha za m'miyendo n'kukayezetsa mawilo onse anayi. Pogula matayala werengani manambala anayi otsiriza a pambali pa zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, kotero kuti 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la kaunjika likhoza kuoneka la mano abwino koma mphira wake atauma kalekale.

Ndalama zimene mwasunga zipite ku zimenezi, kuyambira oyilo ndi mabuleki. Ngati mpikisano wanu ndi wozungulira zizindikiro pa bwalo moyezedwa nthawi, mudzakhala mu giya yoyamba ndi yachiwiri nthawi yonse, ndipo malita 5.7 ali kale ndi mphamvu zoposa zimene matayala awiri akumbuyo angathe kuzigwiritsa pansi. Pa bwalo lotero kagalimoto kakang'ono koyendetsedwa mwaluso kamaposa V8 imene ikungopalasa fumbi. Mukadzatha nyengo yathunthu galimoto osatentha, osataya buleki, mudzatilemberenso za supercharger.

FUNSO: Akulu, malemu bambo anga anasiya Ford Cortina ya m'zaka za m'ma 1970 imene anaiika injini ya Ford V8 ya 302 ndi kabuleta ya Holley. Yakhala zaka zambiri itaima pansi pa mtengo. Ndaisintha batire ndi mapulagi ndipo yalira, koma ikutulutsa utsi wakuda, ikununkha petulo, ndipo imazima ndikangochotsa phazi. Ndikufuna ndiidzutse kuti ndizilowa nayo m'mipikisano ing'onoing'ono. Ndiyambire pati?

Wowerenga wa ku Chibavi

YANKHO: Achimwene, bambo anu anatsatira njira imene inali yotchuka kum'mwera kwa Africa. Kampani ya Basil Green ku Johannesburg inkaika injini yomweyi ya 302, imene ndi pafupifupi malita 5, mu Ford Capri n'kuitcha Perana cha m'ma 1970, ndipo mu 1984 Ford ya ku South Africa inapanga Sierra XR8 zokwana 250 za V8. Choncho ntchito imene anagwira ndi yodziwika, ndipo zipangizo za injiniyi zikupezekabe.

Musailizenso mpaka fungo la petulo litatha, chifukwa galimoto zakale zambiri zimatha ndi moto. Petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amayamwa madzi, ndipo galimoto ikaima nthawi yaitali madziwo amadikha pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri. Ethanol amaumitsanso mapayipi akale a mphira mpaka kung'aluka. Tsitsani thanki muitsuke, sinthani payipi iliyonse ya mphira ndi yolembedwa kuti imapirira ethanol, monga ya muyeso wa SAE J30 R9, ndipo ikani fyuluta yatsopano pafupi ndi kabuleta, yachitsulo osati yagalasi kapena yapulasitiki imene ingasweke pamwamba pa injini yotentha.

Utsi wakuda ukusonyeza kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya. Pa kabuleta ya Holley zoyamba kuzikayikira ndi kachoyandama kamene kamayeza mlingo wa petulo, kasingano kotseka petulo kamene kamakanirira ndi tinyenyeswa ta dzimbiri, choki chimene chakanirira chotseka, ndi kavavu kotchedwa power valve, kamene kachikopa kake kamang'ambika injini ikaphulitsira moto kumbuyo kudzera m'kabuleta. Gulani paketi yonse ya zipangizo zokonzera kabuletayo m'malo mofufuza chimodzichimodzi. Yezaninso mphamvu ya pampu ya petulo, imene siyenera kupitirira psi 7. Zimenezi zikakhala bwino m'pamene mungakhudze majeti, timabowo toyeza petulo wolowa mu injini. Kabuleta ilibe nzeru yodziwa kuti ili kumtunda monga mmene kompyuta imachitira, ndipo malangizo a Holley ndi akuti jeti itsike nambala imodzi pa mamita pafupifupi 600 alionse okwera. Ku Mzuzu zimenezi ndi pafupifupi manambala awiri, koma ethanol amafuna petulo wochulukirapo pang'ono ndipo amabwezako mbali ya kusiyanako, choncho tsitsani nambala imodzi kaye, yendetsani galimoto, n'kuona mtundu wa mapulagi. Ofiirira ndiwo abwino, akuda ndiye kuti petulo wachuluka, oyera mbee ndiye kuti wachepa, ndipo kuchepako n'koopsa kuposa kuchuluka. Onaninso kukula kwa kabuletayo: ya 600 cfm (muyeso wa mpweya umene kabuleta imalowetsa) imakwanira pa 302, pamene ya 750 imangofooketsa injini pa liwiro lotsika.

Pali zinthu ziwiri zokhudza ukalamba wa injiniyi. Camshaft ya 302 yakale imakhulana mwachindunji ndi zitsulo zokankha mavavu, ndipo imafuna oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, amene oyilo wambiri wamakono amuchepetsa. Chachiwiri, mitu ya injini yopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kapena kale inkadalira mtovu wa mu petulo poteteza mipando ya mavavu, ndipo petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa cha m'ma 2006. Pa kuyenda kofatsa sizivuta msanga, koma pa mpikisano mipandoyo imadyeka, choncho mitu ikadzatsegulidwa adzaikemo mipando yolimba.

Musanawononge ndalama pa zonsezi, lowani pansi pa galimotoyo ndi nyundo yaing'ono mugogode pansi pake ndi pamene pamangiridwa miyendo ndi injini. Zaka zambiri pansi pa mtengo m'mvula ya ku Mzuzu zimadya chitsulo, ndipo thupi lodyeka silingasenze V8. Fufuzaninso ngati bambo anu anasintha difu (magiya ogawira mphamvu ku mawilo akumbuyo) ndi mabuleki, chifukwa za Cortina ya masilinda 4 sizinapangidwire mphamvu zimenezi. Maganizo anga ndi akuti galimoto ya chikumbutso ngati imeneyi muikonzere masewero ofatsa oyezedwa nthawi, mmene galimoto imalowa pa bwalo yokhayokha, osati othamangitsana ndi ena.

FUNSO: Bambo, amuna anga ali ndi galimoto ya V8 imene akuikonzera mpikisano. Anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo amene anamanga chikhola cha mapayipi a madzi m'kati mwake, ati choteteza ikagubuduzika. Chisoti chimene agula n'chofanana ndi cha anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti amakaiyesa usiku mumsewu wa M1 chakunjira ya ku Ekwendeni, ati nthawi imeneyo mulibe anthu. Ndikawafunsa amati sindidziwa za galimoto. Kodi ndikudandaula pachabe?

Mayi wa ku Katoto

YANKHO: Mayi, simukudandaula pachabe, ndipo mukhoza kuwaonetsa abambowo tsamba lino. Chikhola chimene mukunena chimatchedwa roll cage, ndipo bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse la FIA linalemba miyeso yake mu Appendix J, gawo 253. Limafuna mapayipi achitsulo opanda msoko, ndipo chipilala chachikulu cha kumbuyo kwa woyendetsa chikhale cha mamilimita 45 m'mimba mwake ndi khoma la mamilimita 2.5, kapena mamilimita 50 ndi khoma la mamilimita 2. Phazi lililonse la chikholacho limaima pa chitsulo chophwatalala chosachepera mamilimita 3 kuchindikala ndi masikweya sentimita 120 kukula, kuti lisaboole pansi pa galimoto ikagwa chagada. Payipi ya madzi ili ndi msoko m'litali mwake umene umang'ambika ikapindika, ndipo zinc amene anaikutira amaipitsa zowotcherera, kuwonjezera pa kudwalitsa wowotchererayo ndi utsi wake. Chikhola chotere chikathyoka, mapayipi ake amasanduka mikondo m'kati mwa galimoto. Chiyenera kudulidwa n'kuchotsedwa, ndipo galimoto yopanda chikhola ndi yotetezeka kuposa yokhala ndi chimenecho.

Ngakhale chikhola chabwino chimayenda ndi zinzake. Chimafuna mpando wosapindika womangidwa ndi mabawuti olimba, malamba a m'mapewa ndi m'chiuno amene amachokera kumbuyo molingana ndi mapewa kapena kutsika pang'ono osapitirira madigiri 20, zofewa zokutira mapayipi oyandikira mutu, ndiponso chisoti chokhala ndi chizindikiro cha Snell SA kapena FIA 8859, chimene chinayesedwa pa moto komanso pa kugunda chitsulo. Munthu woyendetsa galimoto ya chikhola wopanda chisoti akhoza kusweka mutu pa ngozi yaing'ono imene akanatuluka wabwinobwino m'galimoto wamba, n'chifukwa chake galimoto yotere si yotengera ana kusukulu. M'galimotomo mukhalenso chozimitsira moto cha makilogalamu 2 chomangidwa ndi chitsulo pamene dzanja lingafike munthu ali womangidwa malamba, ndi switchi yodulira magetsi onse. Zovala zikhale za thonje zofika m'mikono ndi m'miyendo, chifukwa za nayiloni zimasungunukira pakhungu.

Za usiku mu M1, palibe muyeso kapena chipangizo chimene chingakonze zimenezo. Msewu umenewo usiku mumayenda anthu apansi, njinga zopanda nyali, ndi magalimoto akuluakulu ochokera kuchipata cha Songwe, ena onyamula mafuta, amene nthawi zina amafera pakati pa msewu n'kungoikirapo nthambi. Pa liwiro la makilomita 160 pa ola galimoto imayenda mamita oposa 44 pa sekondi iliyonse, ndipo nyali siziona patali mokwanira kuti munthu aime, makamaka chifunga chikagwa. Kuthamangitsa galimoto motero pa msewu wa anthu onse ndi mlandu, ndipo inshuwalansi wamba siilipira ngozi yochitika pa mpikisano kapena poyeserera mpikisano, kotero kuti chipukuta misozi chonse chingagwere banja lanu.

Popeza ku Mzuzu kulibe bwalo lomangidwira mipikisano ya galimoto, abambowo ndi anzawo apeze malo aakulu otchingidwa, apemphe chilolezo cholembedwa kwa mwini malowo, ndipo adziwitse khonsolo ya mzinda ndi apolisi a pamsewu. Galimoto izilowa imodziimodzi, oonerera aime kutali ndiponso asaime kunja kwa pokhota, kumene galimoto yolephera imathamangira, ndipo pakhale galimoto ina yokonzeka kuthamangira ku Mzuzu Central Hospital. Ntchito yoyeza nthawi ndi yoletsa ana kulowa pa bwalo imafuna munthu wosanyengerera, ndipo ndikuona kuti inu mungaigwire bwino.

FUNSO: Ndikuphunzira umakaniko ndipo sindingakwanitse kuitanitsa galimoto ya V8 kunja. Anzanga akuti ndigule injini ya Lexus V8 ndiike mu Toyota Cressida yanga. Kodi n'zotheka, nanga za mapepala zimayenda bwanji?

Mnyamata wa ku Mchengautuwa

YANKHO: N'zotheka, achimwene, ndipo maganizo ake ndi omwe anabala Pontiac GTO mu 1964, oika injini yaikulu m'thupi la galimoto yapakatikati. Injini imene anzanu akunena ndi 1UZ-FE ya malita 4, imene inatuluka mu 1989 mu Lexus LS400 ndi Toyota Celsior. Ndi ya aluminiyamu, yolimba, ndipo Cressida imayendera mawilo akumbuyo, choncho ikugwirizana nayo. Mtengo wa injini yokha usakunyengeni. Injiniyi inkatuluka ndi giyabokosi ya otomatiki yokha, kotero kuti mukafuna magiya a dzanja mudzafunika chitsulo cholumikizira, flywheel ndi kilachi yake. Mudzafunikanso zomangira injini, sampu yogwirizana ndi chitsulo chopingasa cha pansi pa galimoto, rediyeta yaikulu, pampu ya petulo yamphamvu, ndi propshaft yodulidwa n'kuyezedwa kuti isanjenjemere. Ntchito yovuta koposa ndi ya mawaya, choncho gulani injini yokhala ndi kompyuta yake ndi mawaya ake osadulidwa. Kwa woyamba kumene, ya mtundu woyambirira ndi yosavuta kuposa ya VVT-i imene inayamba mu 1997, ndipo iliyonse imene mungagule muisinthe lamba wa timing ndi pampu ya madzi isanalowe m'galimoto, pamene zonse zili poyera. Zimene ndawauza a ku Luwinga za mabuleki zikukhudzanso inu.

Za mapepala, sungani lisiti yosonyeza nambala ya injini ndi dzina la wogulitsa, ndipo ngati injiniyo yachokera kunja, sunganinso zikalata za MRA zosonyeza kuti msonkho unalipiridwa. Pitani nazo ku ofesi ya boma yolembetsa galimoto ya DRTSS kuti nambala yatsopano ndi kukula kwa injini zilembedwe m'kaundula wa galimotoyo musanakayezetse COF, ndipo mudziwitse kampani yanu ya inshuwalansi mwa kalata. Nambala ya pa injini muiyerekeze ndi ya pa lisiti muli pomwepo kwa wogulitsa, musanapereke ndalama.